Ufa m'Nsidze za Nambewe

Abale anga, ndikuona nkhope zatsopano pabenchi lakumbuyo uko, ndiye ndiyambe ndi dzina. Ndine Gelesomu Banda, mlimi wa thonje ndi nshawa. Kwathu n'kupitirira Sinda pang'ono, koma ndinakwatira kuno ku Katete, m'mudzi wina wa m'njira yopita ku Mkaika. Abusa andipempha kuti lero ndinene chomwe chinandigwetsa. Ambiri a inu munagwa ndi botolo. Inenso botolo ndinaligwira, koma linabwera pambuyo. Ine inayamba kundigwetsa ndi nyimbo ya pawailesi, ndipo inatsala pang'ono kundilanda mkazi ndi ana awiri. Ena mwayamba kale kumwetulira chifukwa munandiona pamafoni anu. Mwetulirani, palibe mlandu. Munaona tsiku limodzi, ine ndikuuzani chaka chonse.

Mkazi wanga ndi Nambewe. Ine ndine mkamwini: nyumba ndinamanga kwawo, munda anandipatsa ndi amalume ake, a Yotamu. A Yotamu omwewo ali ndi chigayo pamphambano, ndipo Nambewe ndi amene ankagwira pamenepo, kuyeza chimanga m'matini, kuthira, kukung'untha matumba. Madzulo ankafika pakhomo ali mbuu kuyambira kumutu. Zaka khumi ndi ziwiri tinakhala chonchi, osamenyana, osatukwanana, ndipo ine ndinkati banja lathu ndi labwino chifukwa munalibe phokoso.

Chaka chija, mvula itangokhazikika, kunatuluka nyimbo ya mnyamata wina wa ku Sinda. Dzina lake ndi Aleki, koma aliyense amamuti Chipewa, chifukwa cha chipewa chachikulu cha azungu oweta ng'ombe chomwe savula ngakhale pamaliro. Amaimba kantile, nyimbo zija madala athu ankamvera Lamlungu masana, za gitala yolira ngati munthu wachisoni. Kusiyana kwake, iyeyu anaimba m'Chichewa chathu chomwechi. Pankhope si munthu woti mkazi n'kumucheukira, koma paja amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Chipewa anaidziwa. Mutu wa nyimboyo unali "Ufa m'Nsidze". Mukuikumbukira:

Ufa m'nsidze, Nambewe,
pachigayo cha pamphambano.
Mwini wako adutsa osacheuka,
ine mlendo ndaimika njinga.

Ndinene zoona, poyamba ndinaikonda. Ndinaimva ndili kumunda, chigubu chopopera thonje chili kumsana, kawailesi nditakaika pachitsa, ndipo tsiku lonselo ndinaliza mluzu. Sindinaganize kanthu. Mudzi uliwonse kuno uli ndi Nambewe wake, wina awiri, ndipo zigayo zambiri zili pamphambano chifukwa ndi pomwe anthu amakumana. Palibe munthu anandinong'oneza kanthu, ichi muchigwire bwino. Palibe mnzanga, palibe mdani.

Chinachitika n'chakuti tsiku lina ndinaweruka msanga. Ndinapeza Nambewe atangofika kuchokera kuchigayo, asanasambe, ataima pazenera ndi kagalasi kosweka kaja ndimametera ndevu. Ankadziyang'ana, akupukuta nsidze ndi chala pang'onopang'ono, uku akuing'ung'udza nyimbo ija. Atandiona anabisa galasi kumbuyo ngati mwana wogwidwa akunyambita shuga. Zaka zonsezo ndinali ndisanamuonepo akudziyang'ana choncho. Ndinalowa m'nyumba, ndipo chakudya cha tsikulo ndinachisiya m'mbale.

Mumvetse mmene ndinkaganizira, chifukwa nanunso munaleredwa monga ine. Kwathu nyimbo siimbidwa m'malere. Mayi anga akayamba kuimba pamtondo, mudzi wonse unkadziwa kuti lero akunena mkazi mnzawo, ngakhale dzina sanalitchule. Nyimbo ya pachinamwali ili ndi amene ikumulanga, ya pamowa ili ndi amene ikumuseka. Zoti munthu angakhale pansi n'kupeka mkazi yemwe kulibe, chigayo chomwe kulibe, n'kumamulirira ndi gitala, ine sizinkandilowa m'mutu. Ndinati nyimbo iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo mwini wa iyi ndimagona naye nyumba imodzi.

M'mawa mwake ndinamufunsa.

"Nambewe, Chipewa umamudziwa?"

"Wa pawailesi uja? Ndimamumva monga mumamumvera inu."

"Sanabwerepo kuchigayo?"

"Kuchigayo kumabwera anthu ambiri, bambo a Tiyanjane. Ine sindifunsa mayina, ndimafunsa matini."

Ananyamula mpango wake n'kupita kuntchito. Ine ndinatsala ndi mawuwo, ndikuwatembenuza uku ndi uku, ndipo chomwe ndinapezamo n'chimodzi: sananene kuti ayi.

Wailesi ya kuno ili ndi pulogalamu ya Loweruka masana, ya nyimbo khumi zomwe anthu avotera pafoni. "Ufa m'Nsidze" inalowera kumchira. Sabata yotsatira inadumpha zinzake, kenako inadumphanso, ndipo thonje lisanachite maluwa inali pa nambala wani. Anthu ankaimba foni kukangana za iyo. Aphunzitsi ena opuma ntchito, aja osunga makaseti akale a kantile, anati gitala ili bwino koma mnyamatayo akakweza mawu amalira ngati mbuzi yomangidwa. Mlaliki wina anati ndi nyimbo yosirira mkazi wa mwini, isamaulutsidwe ana ali maso. Wina wolemba nyuzi ku Lusaka anaiyamikira, akuti aka n'koyamba kantile kununkha gaga wa kumudzi, ndipo muulutsi anawerenga zimenezo kawiri monyadira. Onsewa ankakangana za mawu ndi gitala. Ine ndinkatchera khutu chinthu chimodzi, ngati wina angatchule dzina la mudzi, koma palibe anatchula.

Munthu wokayikira sasowa umboni. Nyimbo ikanena chinthu chofanana ndi kwathu, ndinkati mwaonatu. Ikanena chosiyana, monga mtengo wa mango kuseri kwa chigayo pomwe pathu pali mkuyu, ndinkati n'wochenjera mnyamatayu, wasintha dala kuti ndisamugwire. Ndinafufuza mpaka ndinapeza kuti azakhali ake a Chipewa anakwatiwa midzi iwiri kuchokera kumudzi kwa mkazi wanga, ndiye kuti akamakawaona amadutsa pamphambano pomwepo. Nambewe akavala chitenje chatsopano, wagula ndani. Akavala chakale, akufuna kundigoneka tulo. Akaseka, akukumbukira. Akakhala chete, akulakalaka. Analibe njira yoyendera yomwe ine sindikanaipezera mlandu.

Moyang'anana ndi chigayo pali kanyumba kogulitsira kachasu. Ndinayamba kukhala pamenepo, osati chifukwa cha mowa, koma chifukwa benchi lake limaona bwino khomo la chigayo. Koma simungakhale pabenchi la mwini kuyambira m'mawa osagula kanthu. Ndinayamba ndi kabotolo kamodzi kolipirira benchi. Pofika Marichi khomo lija ndinkaliona pawiri. Thonje linapitirira nthawi yopopera, mbozi zinalowa n'kudya mpaka kukhuta. Thumba la nshawa lomwe tinasungira ana a sukulu ndinaligulitsa, theka mowa, theka tokotaimu ya pafoni. Mukudziwa tokotaimuyo ndinkachita nayo chiyani? Pa nambala thu panali nyimbo ya kwaya ina ya ku Chadiza. Ine woledzera, maso ali psuu, ndinkakhalira kutumiza mauthenga kuvotera kwayayo kuti ikwere, igwetse Chipewa. Sindikhulupirira kuti kwaya ija inakhalapo ndi wotsatira wokhulupirika ngati ine, komabe sinakwere.

Kunyumba kunasanduka khoti. Funso linali limodzi lomwelo tsiku ndi tsiku. Nambewe anakana, anakananso, analumbira pa mayi ake, analira. Kenako anasiya kuyankha, ndipo ine ndinati basi wavomera. Wailesi ya m'nyumba ndinaiphwanya ndi mpini. Tsiku lina Tiyanjane, mwana wathu wamkulu, ankaiimba nyimboyo akutsuka mbale, ndipo ndinamukalipira mpaka anathawira kwa agogo ake, anakagona komweko. Mkazi wanga sindinamumenyepo, ndipo nthawi imeneyo ndinkadzitama nazo, ngati kuti kumudya munthu ndi mafunso si nkhanza.

Mkulu wanga Filimoni, yemwenso ndi nkhoswe yanga, anaona kuti ndikupita kuphompho. Ananditumiza ku Vubwi kwa mlongo wathu, akuti ndikathandize alamu kukolola chimanga, mutu ukapume. Nditatsika minibasi, chinthu choyamba kundilandira pagolosale chinali "Ufa m'Nsidze", ikuchokera pawailesi ya ku Malawi. Anyamata a njinga zamoto odutsa malire a Mozambique anali nayo m'mafoni. Ndinati ndiye kuti mayiko atatu akundiseka. Ndinalonjeza kukhala mwezi, koma sabata isanathe ndinabwerera mwakachetechete, n'kudzera njira ya kumadimba kuti ndiwagwire. Ndinapeza Nambewe ali pamphasa ndi mayi ake, akusenda nshawa. Abale anga, ichi n'chochititsa manyazi koma ndichinena: ndinakhumudwa. Ndinafika poti kumupeza wosalakwa kunkandipweteka kuposa kumugwira.

Pofika Ogasiti nyimbo ija inali itayamba kutsika yokha. Anthu anali atatopa nayo, inali pa nambala folo, kwabwera zina zatsopano. Ndikanangokhala pansi, pofika mvula ikanaiwalika monga zimaiwalikira zonse. Koma sabata ya mwambo wa Kulamba, tauni itadzaza alendo, kampani ina yogulitsa mbewu inaimika lole pafupi ndi msika wa Katete, ndi zokuzira mawu, ndipo woimba wawo anali Chipewa. Ndinayamba kumwa m'mawa. Masana ataiyamba nyimbo ija, azimayi n'kumaimba naye, ndinakankha anthu, ndinakwera lole, ndinamulanda gitala n'kuimenyetsa pachitsulo. Poyesa kuitchinjiriza anathyoka zala ziwiri. Kenako ndinagwira maikolofoni, ndipo inali yoyatsa.

"Nambewe ndi mkazi wanga!" ndinakuwa choncho. "Wa chigayo cha a Yotamu, njira ya ku Mkaika. Mwini wake ndine!"

Msika wonse unamva. Mafoni anali m'mwamba. Pomwe apolisi ankandiponya m'chitokosi, mawu angawo anali atafika kale ku Chipata.

Khoti linandipatsa miyezi ingapo. Tsiku la chiweruzo, ndikudikira galimoto ya kundende, Chipewa anadutsa pafupi nane, dzanja atalimanga pulasitala. Sindinapepese. Ndinamufunsa funso langa lija.

"Mudala, mkazi wanu ine sinimudziwa," anatero. "Nyimbo ni nyimbo chabe. Ndimwe wachitatu kunifunsa. Wina anachokera ku Petauke, wina ku Vubwi. Koma aja anafunsa na pakamwa."

Mukuganiza kuti ndinakhulupirira? Ndinati wayankha msanga kwambiri, ndipo maso wawabisa pansi pa chipewa.

Loweruka lotsatira nyimbo ija inabwerera pa nambala wani, ndipo inakhala pamenepo mpaka mvula. Amene anaikweza ndine. Aphunzitsi aja a makaseti anaimbanso foni, akuti anaiweruza molakwa, nyimbo yoti munthu n'kupitira kundende si nyimbo wamba. Kundende inanditsatira. Asilikali a ndende anali nayo pakawailesi kawo, ndipo akaidi anzanga anandipatsa dzina loti Amwini. Tikamalima kumunda wa ndende, wina amayambitsa, onse n'kuvomera, ine ndili pakati ndi khasu.

Filimoni anabwera kudzandiona kamodzi. Anandiuza zomwe zinkachitika kumudzi. Amuna ankabwera pa njinga zamoto kuchokera kutali ndi katini kamodzi ka chimanga, osati kudzagayitsa, koma kudzamuona Nambewe wa m'nyimbo. Ena ankamujambula. Akafika pamjigo azimayi ankasiya nkhani. Ku chigwirizano cha azimayi a mpingo anamupempha kuti ayambe wapuma mpaka nkhani izizire. Tiyanjane anzake ankamuimbira nyimboyo kusukulu mpaka anayamba kujomba. Nambewe anasiya ntchito kuchigayo, samatulukanso pakhomo. Filimoni ananena zonsezi pang'onopang'ono kuti zindilowe. Atamaliza, ine ndinafunsa kuti, "Nanga Chipewa, anabwerako?" Mkulu wanga anadzuka, anapita osatsanzika.

Ndinatuluka anthu atayamba kubzala. Tsiku lachitatu ankhoswe anakhala pakhonde la a Yotamu. Apa ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndi pomwe moyo wanga unatembenukira.

Pansi, pakati pa bwalo, panali khasu langa, bulangete lopindidwa ndi chigubu chopopera, zonse zomangidwa ndi luzi limodzi. Mkamwini aliyense pano akudziwa tanthauzo lake. Nambewe anakhala pamphasa pambali pa mayi ake, atawerama. Ana anawatumiza kutali.

"Akamwini," anayamba a Yotamu, "katundu wanu ndi uyu. Munabwera nazo izi, mubwerera nazo izi. Ana ndi athu, zimenezo mukuzidziwa. Ife takhala pano kuti tikusudzuleni."

Filimoni anagwada n'kupempha. Ananena za mowa, za ndende, kuti munthuyu walangika kale. Analankhula bwino mkulu wanga, mpaka apongozi aakazi anayamba kupukuta maso. Kenako a Yotamu anati nane ndinenepo. Panali pofunika mawu awiri okha, ndalakwa, ndikhululukireni. Koma chinatuluka m'kamwa mwanga ndi ichi:

"Ine ndikungofuna anene pamaso pa anthu. Nyimbo ija ndi yake kapena si yake?"

Filimoni anagwira mutu. A Yotamu anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe, n'kuyamba kudzuka. Pamenepo Nambewe anaweramuka.

"Amalume, funso limenelo ndaliyankha kuyambira thonje lisanachite maluwa mpaka kukolola, sanamve. Lero sindiyankha. Ndinena china." Mawu ake anali otsika, moti tonse tinachita kutchera khutu. "Tsiku lija anandipeza ndi galasi, ndinkafuna kuona ngati ufa m'nsidze ndi chinthu choti munthu n'kuimikira njinga. Sindinkadziwa. Zaka khumi ndi ziwiri ndimafika pakhomo ndili mbuu, awa amafunsa ndiwo. Nkhope yanga anayamba kuiyang'ana atauzidwa ndi wailesi, ndipo anaiyang'ana ngati wapolisi. Nyimbo ija inali ya akazi onse a m'zigayo. Aliyense ankaimva payekha n'kumwetulira, palibe ankavulala. Amene anaitenga n'kundimangirira pakhosi pamaso pa boma lonse si Chipewa."

 Nkhuku inadutsa pakati pathu n'kujompha luzi la katundu wanga.

Sindinaone kuwala kochokera kumwamba, ndisakunamizeni. Ndinangomuyang'ana mkazi wanga, ulendo uno osafunafuna chilichonse. Anali atawonda. M'nsidze munalibe ufa, chifukwa kuchigayo ndinamuchotsako ndine. Ndipo pamwamba pa diso lakumanzere panali kachipsera, kakale, kopola bwino. Sindinkakadziwa. Chaka chonse ndinawerenga nkhope imeneyo ngati kalata ya mdani, koma chipsera sindinachione. Ndinamva pambuyo pake kuti lamba wa chigayo anaduka n'kumukwapula ali ndi pakati pa mwana wachiwiri, ndipo anabwera kunyumba atamanga kansalu, ine osafunsa. Pamenepo ndinachita manyazi omwe ndende sinandichititse. Mwini wodutsa osacheuka uja, kaya Chipewa anamupeka kaya sanamupeke, anali atakhala pakhonde la a Yotamu ndi nsapato za kundende.

Ndinagwada. Ndinati ndalakwa, ndipo mawu anathera pomwepo chifukwa ndinalira. A Yotamu anati kulira kwa munthu wa mowa amakudziwa, kumauma ndi dzuwa. Anafunsa mwana wawo kuti atani nane.

"Musawasudzule, musawalowetsenso," anatero Nambewe. "Munda uja alime, ana adye. Kugona azikagona kwawo."

Ndinanyamula bulangete lokha. Khasu ndi chigubu zinatsala.

Tsopano mumve zomwe ndinachita, mwina wina atolapo kanthu. Kwathu ndi kutali, choncho ndinapempha malo kwa mbale wathu wina kufupi ndi msewu waukulu. M'mamawa ndinkapalasa njinga kupita kumunda wa ana anga, madzulo n'kubwerera. Njira yachidule imadutsa pamphambano, pamaso pa benchi lija. Ndinasiya kudzera pamenepo, ndinkazungulira kumadimba ngakhale matope afike m'mawondo. Musamadziyese, abale. Benchi lomwe munagwerapo silinasamuke, ndipo mwini kachasu amakudziwani dzina. Masabata oyamba manja ankanjenjemera moti kugwira kapu ya tiyi inali ntchito. Ndi nthawi imeneyo pomwe ndinayamba kubwera pagulu lino, ndipo ena a inu mukukumbukira kuti ndinkakhala kumbuyo uko, chipewa changa nditatsitsa.

Mowa unali wosavuta poyerekeza ndi chinzake chija. Kukayikira kulibe botolo loti n'kulitaya. Ndinapangana ndi Filimoni kuti ganizo likandibwerera, ndisanapite nalo kwa Nambewe, ndisanapite nalo kulikonse, ndizimuimbira foni ndi kulinena mokweza mmene lilili. Poyamba ndinkamuimbira pafupifupi tsiku lililonse. "Achimwene, lero ndaona matayala a njinga yamoto pafupi ndi nyumba." Iye amati, "Nenanso, pang'onopang'ono." Ndikanena kachiwiri ndinkadzimva ndekha kuti ndi munthu wamisala amene akulankhula. Ganizo likakhala m'mutu limaoneka lanzeru kwambiri, koma likatuluka pakamwa nthawi zambiri limaonekera kuti ndi lopusa.

Ndinapita ku Sinda kukapepesa kwa Chipewa. Zala zake zinapola mokhota, chimodzi sichipinda bwino, ndipo gitala amaiimba mosiyana ndi kale. Ndinampatsa mbuzi. Anailandira, koma sanandipatse mpando, ndipo ndikumvetsa. Ndinapemphanso abusa a kumudzi kwa mkazi wanga kuti andilole kuima kutsogolo Lamlungu. Ndinauza mpingo kuti palibe chomwe ndinaona, palibe amene anandiuza, dzina la Nambewe pa nyimbo ija ndinalimata ndine. Sabata yotsatira azimayi a chigwirizano anapita kukamutenga. Patapita miyezi anabwereranso kuchigayo, ndipo odzamuona aja anali atapeza zina zoonera.

Chovuta kwambiri chinali ichi. Filimoni anandiuza kuti ndikhale pansi, ndili bwinobwino, ndiimvere nyimbo ija kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinazindikira kuti chiyambire tsiku la galasi ndinali ndisanaimalizepo. Nthawi zonse ndinkatseka wailesi kapena kuyamba kutukwana ikafika pa "mwini wako". Ndime yomaliza imati mlendo uja anakweranso njinga yake n'kumapita, osamupatsa moni mkaziyo, ndipo mkaziyo sanadziwe n'komwe kuti wina anaima. Ndinapita kundende chifukwa cha munthu yemwe ngakhale m'nyimbo mwake sanapereke moni. Ndinaseka mpaka misozi. Koma ndikuuzeni zoona zonse, popeza ndaima pamaso pa Mulungu: ndisanamalize kuseka, kamtima kaja kanati, atakhala kuti anamulankhula, akanaimba kuti anamulankhula? Ndinatenga foni n'kumuimbiranso mkulu wanga.

Ndiye ngati pali wina pano amene akuyembekeza kuti matendawa amatheratu, ine sindinganene choncho. Amachepa mphamvu. Amabwera mwa apo ndi apo, ndipo ndinaphunzira kuwazindikira akadali pachipata. Mulungu sanandichotsere funso lija. Anangondipatsa mphamvu yoti ndisalisenzetse munthu wina.

Chaka chonse ndinalima choncho. Thonje linachita bwino. Ndikaweruka ndinkaima pabwalo, kupereka moni, kuona ana, kufunsa Nambewe mmene waswerera, ndi kudikira yankho ndikumuyang'ana kumaso. Poyamba ankayankha mawu amodzi. Kenako anayamba kundisiyira madzi osamba kuseri kwa nyumba. Khomo la nyumba sindinalidutsepo, ndipo sindinapemphe.

Mwezi wathawu, mvula yoyamba ija inandipeza ndili pabwalo, ndikutenga njinga kuti ndizipita. Ana anathawira m'nyumba. Ine ndinabisala pansi pa nkhokwe kudikira kuti ikate. Nambewe anatuluka n'kuima pakhomo, manja atapinda, n'kundiitana.

"Bambo a Tiyanjane."

"Wawa."

"Mukufunabe kudziwa?"

Bodza linali pafupi, ndipo linali lokoma. Ndinadziwa kuti ndikanena kuti ayi, mwina andilowetsa. Koma mkaziyu ndamuvutitsa mokwanira ndi zinthu zosaoneka.

"Ndikufunabe," ndinatero. "Masiku ena kwambiri, masiku ena pang'ono."

"Ndiye mukhala mukufuna mpaka kumanda. Ine ndinatha kuyankha."

"Ndamva."

"Mwamva zoona?"

"Ndamva, Nambewe."

Anayang'ana mvula, anayang'ananso ine. Kenako anasuntha pang'ono pakhomo paja, kusiya mpata wokwanira munthu mmodzi.

"Lowetsani njinga," anatero. "Ikunyowa."